Kamakina Kanu Kakali Kuzungulila, Atate

Atate, lelo chakwana chaka kuchokela pomwe tinakuikani m'manda. Kamakina kanu kosalalitsa miyala kakali kulila pakhonde kuno ku Kabwata. Alongo anu, ba Anti Flora, akuti nikataye. Ati chinthu chogubuduza miyala tsiku lonse chimaitana mizimu. Ine nakana!

Nikumbuka tsiku lija lamba wake anaduka. Munadula chubu cha njinga, n'kumangilila, kanayambanso. Nitafuna kutsegula kuti nione ngati miyala yawala, munanigwila dzanja: "Iwe Tisa, masiku seveni akwane. Mwala sauthamangitsa." Miyala ija tinatola ku Lilayi munaisiya ikali yokhakhala. Naitsuka, nasintha mchenga, yatsala sabata imodzi. Ikawala, wokongola kwambili nizaika pamanda panu. Wachiwili nizapatsa ba Anti m'manja.