Lajabu Wotsika Njinga Pachikweza

Inu amene mumati zanu zinada kalekale, takhalani pansi mumve za Lajabu wa ku Mgona. Ndikuchenjezerenitu, munthu ameneyu ndi wotopetsa. Ngakhale ine pofotokoza nkhani yake mtima umandiwawa.

Mu 2006 Lajabu analibe pogwira. Kwa zaka khumi ndi ziwiri ankatuta makala panjinga kuchokera ku Dzalanyama, matumba anayi ulendo umodzi. Mwezi wa Seputembala chaka chimenecho a zankhalango anamulanda makala katatu. Kachitatuko anafika pakhomo akukankha njinga yopanda kanthu. Mkazi wake Fatu sanalalate. Anangonena kuti mwezi wamawa ukatha zinthu zili chomwechi, atenga ana n'kubwerera kwawo ku Mangochi, chifukwa njala ya m'tauni ilibe m'bale.

Masiku omwewo bungwe lina la ku Area 25, losamalira odwala m'midzi, linalengeza kuti likufuna anthu asanu okapereka mankhwala panjinga. Inali ntchito ya malipiro a pamwezi. Mayeso ake anali ulendo wa sabata yathunthu: anthu makumi awiri, aliyense panjinga yake, kudzera ku Dedza, Golomoti ndi Salima, n'kubwerera ku Kanengo, kugona m'matenti. Lole yonyamula matenti ndi zakudya inkayenda pambuyo pawo. Lamulo linali limodzi lokha, lakuti amene wakwera lole ija ntchito yamudutsa.

Wotsogolera anali Mayi Lettie, nesi wochokera ku Rumphi, wopemphera ku CCAP, wosakonda kunena chinthu kawiri.

Tsiku lonyamuka anthu anabwera ndi njinga zamagiya, zina zobwereka, zikuchita kunyezimira. Lajabu anabwera ndi chinjinga chake chakuda cha kaliyala yowotcherera, malegeni ali lendelende. Greenwell, wa ku Area 23, yemwe ankadzitama kuti anapambanapo mpikisano wa njinga, anamufunsa ngati wasochera njira ya kumsika. Onse anaseka, Lajabu nayenso n'kuseka nawo.

Mavuto anayamba asanafike n'komwe ku Nathenje. Pa kachikweza kakang'ono, koti mwana wasukulu amakwera akuimba, Lajabu anatsika njinga n'kuyamba kukankha. Njinga yopanda katundu, anthuni! Mayi Lettie anabwerera kudzafunsa ngati tcheni chaduka. Ayi, zonse zinali bwino. Nanga watsikiranji? Lajabu anangokanda mutu.

Nkhani yake ndi iyi. Wamakala sapalasa pachikweza. Ukakhala ndi matumba anayi kumbuyo, msewu ukangoyamba kukwera umatsika, apo ayi njinga imakugwetsa chagada. Lajabu anachita zimenezi zaka khumi ndi ziwiri, mpaka miyendo inkatsika yokha mutu usanaganize. Potsetsereka namonso munali momwemo. Anzake akuuluka, iye ankaponda tayala ndi chidendene, n'kumatsika pang'onopang'ono ngati kumbuyo kuli mazira.

Ndiye taganizani mapiri a Dedza. Tsiku lililonse ankafika womalizira, anzake atasamba kale, ena akuchapa masokosi, onse akudikira matenti. Dalaivala wa lole, yemwe ankayenera kumutsatira pambuyo, anaimba hutala mpaka kutopa. Potsika Khwekhwerere tsiku lachitatu, dalaivalayo anachita kumupempha kuti angokwera, aliyense apume. Lajabu anakana. Ankaona Fatu akumanga katundu.

Atafika ku Golomoti, Mayi Lettie mtima unawathera. Anamuuza pamaso pa onse kuti sanabwere kudzaperekeza maliro, ndipo mawa akatsalanso amukweza lole ndi manja awo. Lajabu anamvetsera mwaulemu, kapu yake ya kumutu ili m'manja. Mukuganiza kuti anapepesa? Anapempha kuti amupatseko matenti awiri ndi chigubu cha madzi anyamule.

"A Lajabu, mukufuna kundipengetsa? Mukuchedwa mulibe katundu, ndiye mukupempha katundu?"

"Amayi, njinga yopanda katundu ine sindiidziwa. Imandivinitsa."

Mayi Lettie anayang'ana kumwamba, n'kuuza dalaivala kuti ampatse chilichonse chimene akufuna, bola achoke pamaso pawo.

M'mawa mwake Lajabu anamanga katunduyo ndi malegeni mmene amamangira makala, cholemera pansi, china chopingasa pamwamba. Njinga inakhazikika. Msewu wochokera ku Golomoti kupita ku Salima ndi wosalala, ulibe zikweza zambiri, ndipo masiku awiri amenewo sanatsale. Anthu anayamba kunena kuti mwina munthuyu wachira.

Sanachire. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anachoka ku Salima kuloza ku Mvera, kumene msewu umangokwera osaleka, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Patsinde penipeni pa chikweza choyamba, Lajabu uyo watsika. Greenwell anamudutsa ataimirira pamapedulo, n'kumukuwira kuti akapereke moni mu lole. Panalibe amene ankafuna kutsika, poopa kutchedwa Lajabu. Anapalasa ndi mano, manyazi akuwakankha.

Lajabu anagwira ntchito imene ankaidziwa. Dzanja lamanzere pahandulo, lamanja kuseri kwa chishalo, chiuno chitatsamira katundu, mapazi akuponda mofanana. Akawerenga mapazi mazana awiri ankaika mwala kumbuyo kwa tayala, n'kupuma, n'kunyowetsa kapu. Akatero ankachotsa mwala uja n'kupitirira.

Dzuwa lili paliwombo anayamba kuwapeza. Wina akusanza m'ngalande, wina minofu yakokana akulira ngati mwana. Mmodzimmodzi ankakwera lole, mitu ili pansi. Pafupi ndi Mvera anapeza Greenwell atakhala pamwala, njinga yake yonyezimira itagona, akudikira lole.

Apa ndiye Lajabu amandikwiyitsa kwenikweni. Malo anali asanu okha. Wina aliyense akanadutsa mwakachetechete, n'kuthokoza Mulungu kuti wopikisana naye wachepa. Iye anaika mwala kutayala, n'kumupatsa madzi munthu amene anakhala akumuseka sabata yonse.

"Dzukani achimwene. Lamulo lati musakwere lole. Silinati musakankhe."

Anamuonetsa pogwira, poika chiuno, ndi popumira. Greenwell anadzuka akudzandira. Ena amene anali asanakwere lole ataona, anatsika nawonso. Pofika pamwamba panali mzere wa anthu asanu ndi atatu akukankha njinga pambuyo pa wamakala, akupuma iye akapuma. Kumbuyo kwa asanu ndi atatuwo kunali Mayi Lettie, nawonso akukankha, nkhope ili gwa.

Tsiku lomaliza anafika ku Kanengo anthu asanu ndi anayi mwa makumi awiri aja. Fatu anali m'mbali mwa msewu, mwana kumsana, pakuti Mgona ndi pafupi. Anabwera kudzamva yekha, chifukwa zovala za ana anali atamanga kale m'chitenje. Lajabu, monga mwa nthawi zonse, anafika womalizira. Anthu asanu ndi anayi, malo asanu. Atawerenga yekha anaona kuti zake zada, ndipo anachita mantha kumuyang'ana mkazi wake.

Mayi Lettie anatulutsa pepala. Dzina loyamba kuitana linali la Lajabu. Mnyamata wina amene sanasankhidwe anadandaula kuti munthuyu theka la ulendo wayenda pansi, ndiye wapambana bwanji mayeso a njinga. Mayi Lettie anavula magalasi.

"Munthu uyu wanditopetsa kuposa odwala onse amene ndinawasamalirapo. Koma kumidzi kumene mankhwalawa akupita, nthawi ya dzinja njinga sakwera, amakankha. Ndikufuna munthu amene akafike."

Fatu anayandikira. Anangotenga kapu ya mwamuna wake, n'kuikung'untha fumbi, n'kumuvekanso. Atafika kunyumba anamasula chitenje chija, zovala za ana n'kuzibwezera pachingwe.

Lajabu anagwira ntchito imeneyo zaka zambiri, ndipo pambuyo pake ndiye ankaphunzitsa atsopano kamangidwe ka katundu. Greenwell nayenso analembedwa, ndipo mpaka lero samaliza chiganizo popanda kuti "madala Lajabu". Chizolowezi chija ndiye ayi, sichinathe. Mukakumana naye pa kachikweza ka ku Area 25, mumupeza watsika.

Tsono inu, chimene chimanditopetsa ndi ichi: mukangoona anzanu akukudutsani, mumayamba kuyang'ana kumbuyo kuti lole ifika liti. Mukuchita manyazi ndi chinthu chokhacho chimene umphawi unakuphunzitsani bwino. Kuthamanga sikufika, abale anga. Ngati kupalasa kwakanika, tsikani. Ikani mwala kutayala, pumani, kenako kankhani. Anthu aseke mmene angathere, koma lole musakwere. Osataya mtima.