Makorali a Abambo

Ndinali ndi zaka khumi pamene abambo anabwerako ku Joni. Anatisiya ku Mlangeni ine ndikukwawa, ndipo pobwera sanafikire kumudzi. Anatsegula tiirumu pa Ntcheu Boma, kenako anatumiza uthenga kwa amayi kuti ndikakhale nawo patchuthi. Ndinavala diresi la kutchalitchi, mtima uli dyokodyoko.

Pakona pa tiirumuyo panali thanki yagalasi ya madzi amchere, yowala buluu. Ku Durban abambo ankagwira ntchito m'sitolo yogulitsa zamoyo za m'nyanja, ndipo chuma chimene anabwera nacho chinali chimenechi. Magetsi akazima ankathamanga ndi batire la galimoto kuti pampu isaime. Anyamata a kabaza ankamwa kapu imodzi ya tiyi ola lathunthu, maso ali pagalasi. M'thankimo munali tinsomba tiwiri ndi makorali, zamoyo zomera pamiyala. Kumanzere kunali ofewa, ogwedezeka ndi madzi ngati bowa. Kumanja kunali olimba, anthambi zouma gwa.

Ntchito yanga inali kupukuta galasi, ndipo lamulo linali limodzi. "Ofewa ndi olimba asayandikane," anatero abambo, akuyeza mpata ndi chikhatho. "Ofewawa amatulutsa poizoni m'madzi, olimbawa amaluma. Usawasunthe, wamva iwe?"

"Ndamva, abambo."

Sabata ziwiri zinatha asanandifunse kuti ndili sitandade chani. Koma makorali abambo ankawadzutsa m'mawa uliwonse ndi mawu okoma amene ine sindinawalawepo. Ndinkaima pambali ndi kansanza kanga.

Tsiku lina anapita ku Lilongwe kukafuna mchere wa m'thankimo, tiirumu anasiyira mayi wophika. Masana ake mayi wina wodzamwa tiyi analoza makorali nati, "Zikanakhala pamodzi izi bwenzi zikukongola bwanji!" Mawuwo anandilowa. Ndinapisa dzanja m'madzi ofundawo n'kusunthira mwala wa ofewa pafupi ndi nthambi zija. Sindinkafuna kuwononga. Ndinkafuna abambo abwere anene kuti, wachita bwino mwana wanga.

Anakhalako masiku atatu. Pofika nthambi ziwiri zinali zitayera mbuu ngati fupa, ofewa aja atakwinyika, madzi akununkha chinyezi. Anaika thumba pansi, n'kupinda malaya, n'kuzisiyanitsa pang'onopang'ono.

"Wagwira ndani?"

"Ndine, abambo. Ndimafuna zikongole."

Ndinadikira chikwapu, ndipo kunena zoona ndinkachifuna, chifukwa mwana wokwapulidwa amagona pakhomo pomwepo. Iwo anangoti, "Longedza." Anandiperekeza kudepoti, anauza kondakitala kuti akanditsitse pa Mlangeni, n'kundipatsa banzi. Banzilo ndinafika nalo kumudzi losaluma. Amayi atandiona ndi chikwama tchuthi chisanathe anangondilandira katundu.

Abambo sanandiitanenso. Tchuthi china chilichonse ndinkachapa diresi lija n'kudikira uthenga, mpaka linandichepera.

Lero ndili ndi ana angaanga, ndipo kulakwa kwanga sindikukana. Ndinaphunzira kuti chinthu chimene sukuchidziwa usachikonze pofuna kuyamikiridwa, ndipo ana anga ndimawauza zomwezo. Koma akalakwa ndimawakalipira ali pakhomo panga, sindiwakweza minibasi.

Patapita zaka, mayi wophika uja tinakumana pamsika. Anandiuza kuti nthambi zija sizinafe zonse. Abambo anazisamalira miyezi itatu, akusintha madzi ndi kuziyang'ana tsiku ndi tsiku, mpaka zinaphukiranso. Pamenepo m'pamene ndinamvetsa kuti kuleza mtima anali nako kochuluka. Kungoti sikunali kwa ine, ndipo mpaka pano zimandiwawa.