Adokotala Ati Tingodikira

Kachotupako anakapeza mwangozi, pondijambula khosi nditagwa pa makwerero kufakitale ku Southerton. Atakabaya ndi singano n'kukayeza, dokotala, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga, anati ndi khansa ya chithokomiro.

"Dulani lero," ndinatero.

Iye anati kanthuko n'kochepa kuposa nsawawa, sikanafalikire, ndipo khansa ya mtundu umenewu imakula mwaulesi, mwina osakula n'komwe. Tikhoza kudula, koma tikhozanso kumangokajambula miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, n'kudula kakayamba kusuntha. Mpeni nawo uli ndi zake: ena amamwa mapiritsi moyo wonse, ena mawu amasasa.

"Kusasa kwake, amatheratu?" anafunsa mkazi wanga, nkhope itawala.

Pomwepo ndinasankha kudikira.

Tsoka lake, mkazi wangayo anakumana ndi amalume ku mashopu a pa Machipisa. Amalume ndi mkulu wa gulu la maliro la ife a ku Malawi okhala m'dziko la eni, muno mu Highfield. Atamufunsa za kuchipatala, mkazi wanga anangoti, "Adokotala ati tingodikira." Kwathu mawu amenewo amanenedwa munthu akasiya kumeza phala.

Loweruka ndikukhoma mpando pakhonde, ndinangoona madoda anayi a majekete akulowa pageti, zipewa zili m'manja. Anakhala pansi mwaulemu. Amalume anayang'ana hamala yanga mwachisoni.

"Mphwanga, usadzivutitse. Tabwera timve pakamwa pako. Tikakuike kuno, kapena kumudzi ku Dedza?"

Ku Dedza sindinapondeko chibadwire.

"Amalume, ndani wakuuzani kuti ndikufa?"

"Bambo ako nawonso ankakana chomwechi."

"Bambo anagundidwa ndi basi."

"Koma ankakana."

Ndinakalipa mpaka agalu a mzere wonse anayamba kuuwa. Mdala wina ananong'oneza mnzake mu Chishona kuti mphamvu zoterezi zimabwera kumapeto. Ndinawathamangitsa onse, amalume akutembenuka pageti n'kunena kuti nkhani ya Dedza ndiiganizirebe.

Ndinkaseka pofotokozera anzanga kuntchito, koma kunena zoona, miyezi imeneyo chala changa sichinkachoka pakhosi. Ndikameza malovu ndinkamvetsera. Kawiri konse ndinavala nsapato kuti ndikauze mtsikana uja adule basi, kawiri konse ndinazivula.

Tsiku lojambulanso linafika. Dokotala uja anandipaka mafuta ozizira pakhosi, n'kumayendetsa kachipangizo kake, maso ali pa makina. Ndinawerenga matabwa a kudenga.

"Sikanakule, bambo. Kali pomwe kanali. Tionanenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi."

Ndinathokoza ngati munthu wamkulu, n'kutuluka. Nditafika pa siteji ndinakhala pa mwala, makombi atatu a ku Highfield anadzaza n'kunyamuka ndikuwaona. Woitanira anthu anandifunsa ngati ndabwera kudzaotha dzuwa. Ndinamuyankha kuti inde.