Bwato la alamu limene ndinamiza

Izi ndinali ndisanauzepo munthu. Titabwerako ku Zambia kothawa nkhondo, ndinalowa shikola ya akuluakulu ku Fingoe, imvi zili mbuu. Aphunzitsi anatiuza za sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi, ati zam'tsogolo zidzayenda zopanda munthu. Ndinaseka ndekha, poti yotereyo ine ndinapanga kale. Nthawi ya nkhondo ndinadzaza miyala m'bwato la alamu anga n'kulimiza m'Zambezi, kuopa kuti asilikali, matropa aja, angandigwire kuti ndiziwaolotsa. Malo ake ndinaiwala. Alamu anamwalira akutukwana matropa, ndipo mlongo wanga analera ana popanda nsomba, ine ndikumuthandiza kutukwanako.

M'mawa mwa phunziro lija ndinanola nkhwangwa n'kukaima pakhomo pa mlongo wangayo. "Achemwali, bwato lija ndinamiza ndine. Ndikukasema lina."