Felemu ya njinga ya alamu anga

Lachiwiri lapitali alamu anga, a Namakhwa, anagwa ndi njinga pamtsetse wina pakati pa Muloza ndi Limbuli. Ali ndi ana anayi, ndipo ntchito yawo ndi kunyamulira anthu matumba a chimanga. Tsikulo anamangirira matumba atatu. Pokhota kuti azembe dzenje, felemu inathyoka pafupi ndi handulo. Pano ali gone, phewa lili m'bandeji.

Ndinatenga njingayo kupita nayo kwa a Muhiwa, owotcherera zitsulo pa Chitakale. Funso langa linali limodzi: njinga ya miyezi iwiri ingathyoke bwanji?

A Muhiwa anatenga sowo. Anadula kapaipi pa felemupo n'kukapana pa vaisi, chopanira zitsulo. Anakoleka chitsulo cholemera kunsonga kwake, kanangowerama pang'ono. Anachotsa chitsulocho n'kukapotokola ndi sipanala, kanalimba ndithu. Kenaka anabwezera cholemera chija n'kupotokolanso nthawi yomweyo. Kanapindika n'kung'ambika ine ndikuona.

"Mwaona, achimwene?" anatero a Muhiwa. "Kulemera kokha kamapirira. Kupotoka kokha kamapirira. Zikakumana, kwatha. Taonani kupyapyala kwake, utoto ndiye wochindikala."

"Ndiye opanga njingazi asanagulitse sayesa?"

"Amayesa. Ayesera pa alamu anuwo."

Owerenga anzanga, mapaipi omwewa ndi amene tikupangira madesiki, mabedi ndi nsanja za matanki a madzi. Pogula timangogogoda ndi chala, akalira bwino basi tanyamula. Ndani anawasenzetsapo katundu uku akuwapotokola, monga umachitira msewu wathu? Wogulitsa sadziwa. Wowotcherera amadziwa, koma a Muhiwa omwewo anandionetsa mabenchi a ana asukulu amene akupanga ndi mapaipi amtundu womwewo. Akuti akatchula mtengo wa olimba, munthu amangotembenuka n'kupita kwa mnzawo.

Nditabwerera nayo njingayo ndinafotokoza zonse, alamu ali pamphasa, akazi awo, achemwali anga, ali pakhomo. Ndinanenetsa kuti njingayo ikawotcheredwa idzathyokanso pena.

Alamu anangoyang'ana kudenga.

"Kaiwotcheretseni basi," anatero achemwali. "Lolemba ndiyamba ndine. Ndizikankha, sindikwera."

"Matumba angati?"

"Awiri salipira, achimwene. Atatu."

Ndinaibweza kwa a Muhiwa ndi manja angawa, ndikudziwa zonse zimene ndakuuzanizi. Ikuwotcheredwa lero. Inuyo mukanawauza kuti anawo adye chiyani?