Mayi amene anatembenuza mwamuna wanga

Kuno ku komboni ya George, mukaona ba Kulthum akulowa m'nyumba ya munthu atanyamula beseni, mumadziwa kuti m'nyumbamo mwagwa zovuta. Ndiwo amasambitsa mitembo ya amayi achisilamu. Ntchitoyi anaiphunzira kwa azakhali awo amene anachokera ku Mangochi kalekale, ndipo salandirapo kanthu. Chimene amadyera ndi masamusa amene amakazinga pafupi ndi kiyosiki yotungapo madzi. Ndi mayi wamfupi, wamasiye, wa mapewa otakasuka, wosaseka nthabwala imene sinawakomere. Ndakhala nawo moyandikana zaka zisanu ndi zinayi, koma ndisaname, moni wanga unali wapatali. Ndinkaopa manja awo.

Mwamuna wanga Chewe, amene anthu amamutcha bashi Mwaba, ine bana Mwaba, potengera dzina la mwana wathu, ndi mmisiri womanga nyumba. Chaka cha 2022 anagwa kuchokera pamwamba pa nyumba yosanja imene ankamanga, nathyoka msana. Miyendo inaleka kumva. Anagona m'chipatala milungu isanu ndi iwiri, chagada. Odwala anali ambiri, anamwino ochepa, ndipo ine ankandilola kulowa pa nthawi yoonera odwala yokha. Tsiku lotuluka, ndikumuveka malaya, ndinapeza chilonda m'munsi mwa msana, chachikulu ngati chikhatho changa, chakuda pakati. Mwiniwake sankachimva n'komwe. Namwino wina anangoti zimenezo zimabwera munthu akagonera malo amodzi nthawi yaitali, nandipatsa mabandeji awiri.

Mlamu wanga Shawn, mng'ono wa Chewe, ndi munthu wodziwa zonse ngakhale kuti palibe chimene anamalizapo. Anathamangira kwa loya m'tauni. Loyayo anati chilonda chotere n'chizindikiro chakuti wodwala sanasamalidwe, kuti tikhoza kusumira chipatalacho kuti chipereke chipukutamisozi, ndiponso kuti pafunika dokotala wapadera adzachione n'kulemba lipoti. Dokotalayo anali ndi mpata patatha milungu isanu. Mpaka apo zonse zinali zoona. Koma Shawn pobwera anathirako mchere wakewake. Anati chilondacho ndiwo umboni wathu, tisachikhudze, chifukwa chikapola dokotala adzalemba chiyani?

Ine ndinavomera. Ndikunena poyera chifukwa manyazi ake ndinawasenza kale. Ndinali nditakwiya kwambiri ndi chipatala chija, ndipo ndinkafuna kuti wina wovala jekete loyera aone ndi maso ake zimene anamuchita mwamuna wanga. Ndinkangophimba ndi nsalu n'kumusiya chigonere.

Pofika mlungu wachiwiri m'nyumba munayamba kununkha. Ntchentche zinadziwa khomo lathu. Chewe anayamba kutentha thupi, chakudya akukana. Ndinkatseka chitseko ndi windo lomwe kuti anthu asamve, ngati kuti fungo limapempha chilolezo.

M'mawa wina kunamveka odi. Nditatsegula ndinapeza ba Kulthum. Mtima unangoti myu, maso anga anathamangira m'manja mwawo kufuna beseni, koma munalibe. Ndinaima pakhomo n'kunena kuti odwala akupumula.

“Bana Mwaba,” anatero, “iyi fungo niiziba. Nimaipeza pa bantu bamene nimasambika. Pa muntu wamoyo siniifuna.”

Ndinapatuka. Analowa, napatsa Chewe moni mwaulemu, nandiuza kuti ndivundukule nsalu ija. Anayang'ana nthawi yaitali osatseka mphuno. Atafunsa chifukwa chimene sitinapitire naye kukiliniki, ndinafotokoza zonse za loya, za dokotala wa lipoti ndi za milungu itatu imene inatsala. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

“Manje izo ndalama muzalandila monga mukazi wake, olo monga wamasiye?”

Kenako anandiuza kuti nditenge foni, ndiike bokosi la machesi pambali pa chilondacho kuti kukula kwake kuoneke, ndijambule. Anati ndizichita choncho tsiku lililonse, umboni ukhale mufoni, osati pathupi pa munthu. Tsiku lomwelo anasiya mafuta pamoto m'manja mwa mnzawo, napeza galimoto, tinapita kukiliniki. Namwino wa kumeneko anandikalipira mokwanira, kenako anachotsa mnofu wakufa, natsuka, napereka mankhwala, nalemba zonse pakhadi. Anati tikanachedwa pang'ono magazi akanaipa.

Pobwerera ba Kulthum anagawa ntchito. Chilonda n'cha namwino, iwo sapaka kanthu ndipo asamve kuti wina wabwera ndi phulusa kapena masamba. Yawo ndi yotembenuza, maola awiri alionse, uku ndi uku, osagonanso chagada. Anapinda chitenje n'kuchiyala kunsi kwa Chewe kuyambira m'mapewa mpaka m'ntchafu. Iwo ankagwira mbali ina, ine mbali ina, kukoka pang'onopang'ono, munthu n'kutembenuka ngati sakulemera. Ankati mwamuna wa eni sagwira, amagwira chitenje. Anasoka timapilo ta zidutswa za matiresi, kena ka pakati pa mawondo, kena kokweza zidendene. Akapeza khwinya pansalu yoyala kapena nyenyeswa ya buledi, ndinkalandira mawu. Anandiuza kuti ndizimudyetsa mazira, kapenta ndi nyemba, chifukwa thupi silimanga khoma popanda njerwa, ndipo Chewe monga mmisiri sakanatsutsa.

Ankabwera akamaliza pemphero la m'mawa, n'kubweranso kangapo masana, akununkhira anyezi. Nthawi zotsalazo zinali zanga. Ndinawafunsa tsiku lina kumene anaphunzira zonsezi. Anati kwa zaka makumi atatu akhala akuona misana ya anthu amene anadwala nthawi yaitali, ndipo amatha kudziwa amene ankatembenuzidwa ndi amene ankangopatsidwa phala.

Vuto linabwera ndi pakamwa panga. Ndinaimbira foni apongozi anga ku Chawama, mayi wa mpingo wosaphonya Lamulungu, kuwauza kuti asade nkhawa, mayi wina wachisilamu woyandikana nafe akumutembenuza mwana wawo tsiku ndi tsiku ndipo iye sakukana. Foni inaduka. Ine ndinayesa kuti ndi netiweki. Sindinaganize n'komwe kuti kwa apongozi mawu akuti kutembenuza amakhala ndi ntchito imodzi yokha, ya mtima ndi chipembedzo.

Masana omwewo apongozi anafika ndi amayi atatu a kumpingo, onse m'mayunifolomu, Baibulo m'khwapa. Anapeza ba Kulthum atavala mpango wawo kumutu, ataweramira pabedi, akuti Bismillah monga ankachitira nthawi zonse asanakoke chitenje. Apongozi anaima pakati pa chipinda.

“Uyu mwana anabatizika ali na myezi itatu. Simuzamutembenuza.”

Ba Kulthum sanasiye chitenje. Anawayang'ana, nayang'ana ine, ndipo ndinaona kuti amvetsa nkhani yonse ine ndisanaimvetse.

“Gwilani uko, mayo. Timutembenuzile ku chipupa, uku agonela maningi.”

Apongozi anagwira asanaganize. Atakoka, Chewe anatembenukira kukhoma, ndipo ali komweko mapewa ake anayamba kugwedezeka. Ndinaganiza kuti akulira, koma ankaseka, koyamba chigwereni. Amayi aja anaseka mpaka wina anakhala pansi. Apongozi okha ndi amene anafwenthera m'chitenje n'kunena kuti mkamwana wawo aziphunzira kulankhula. Kenako anaona bandeji, napempha kuona zithunzi za mufoni, ndipo kuseka kunatha. Kuyambira mlungu umenewo amayi a kumpingo anagawana masiku, n'kumabwera masana kudzaphunzira kukoka chitenje kwa Msilamu. Ankawadzudzula chimodzimodzi ngati ine.

Shawn ananyanyala mwezi wathunthu, akuti tawononga mlandu. Dokotala wa lipoti atabwera anapeza chilonda choyera, chikufiira m'mbali. Koma loya ataona zithunzi za bokosi la machesi ndi khadi la kukiliniki anati zimenezo ndizo ankafuna, ndipo tikanachisiya chiwole, a chipatala akanati tachikulitsa tokha kunyumba. Shawn tsopano amauza anthu kuti nzeru ya zithunzi inali yake. Mlanduwo sunathe mpaka lero, makalata akungopita ndi kubwera. Chipatala chija sindinachikhululukire, ndipo ndikufunabe kuti chiyankhe, kuti mayi wina asadzavundukule zimene ndinavundukula ine.

Chilonda chinatenga miyezi isanu ndi iwiri. Bokosi la machesi poyamba linkaoneka laling'ono pambali pake, kenako zinafanana, kenako bokosilo linkatha kuchiphimba. Tsiku limene namwino anachotsa bandeji yomaliza panali khungu latsopano, losalala ngati la khanda. Ba Kulthum anawerama, nayang'anitsitsa, nandiuza kuti ndisayambe ulesi, kutembenuza sikutha, ndipo pamalo pamenepo ndizionapo m'mawa uliwonse. Ndinayamba kuthokoza, koma anati mafuta awo apsa, natuluka.

M'mawa mwake sanabwere. Ndinawathirira tiyi monga mwa masiku onse, tiyiyo anazizira. Ndinayamba kudzifunsa ngati ndawalakwira, kenako ndinapsa mtima pang'ono, kenako ndinaopa kuti adwala. Ndinasiya Chewe atayang'ana kukhoma n'kupita kukiyosiki. Ndinawapeza ali bwinobwino, akuvuula masamusa.

“Pa nyumba panu palibe nchito yanga, bana Mwaba,” anatero osadzutsa mutu. “Yendani, ntawi yomutembenuza yakwana.”

Ndinabwerera ndikulira njira yonse, anthu a pamzere wa madzi akundiyang'ana, mwina akuganiza kuti ndalandira uthenga woipa kwa mayi uja. Mayi amene ndinkamuzemba zaka zisanu ndi zinayi ndiye anandisungira mwamuna, ndipo sindidziwa kuti munthu wotere amamuthokoza bwanji.

Nditakankha chitseko ndinapeza Chewe atagwira chitsulo cha pawindo ndi manja onse awiri, thukuta lili kamukamu, akupuma mwabefu. Anali atadzitembenuza yekha kuyang'ana kukhomo, ndipo anandifunsa kuti ndachedwa kuti.