Magazi a Thokozire

Amake Thokozire, dzina lawo Emily, amagulitsa makala ku Kawale, pafupi ndi benchi langa la tomato. Ndawadziwa kuyambira Thokozireyo ali kumsana. Kwawo ndi ku Dowa. Bambo awo anamwalira iwo asanamere mano, mwamuna naye anapita ku Joni ulendo wosabwerako. Mwina n'chifukwa chake akamapemphera sayankhula ngati Mulungu ali kutali. Amangoti "Atate," ngati munthuyo wakhala pathumba la makala pambali pawo. Ndipo mayi ameneyu amapempha chilichonse, mchere, nsapato za mwana, ngakhale mvula kuti idikire kaye aphimbe matumba. Ine ndinkawaseka kuti Atate anuwo mudzawatopetsa. Iwo ankangoti bambo wapadziko sanamuone, ndiye zonse zimene akanapempha kumeneko akupempha kuno.

Kumbuyo kwathu kuli a Abdullah, mkulu wa ku Mangochi wokhoma mbaula ndi zidebe. Awiriwa sankamwerana madzi. Amake Thokozire akangotsinzina masana kuti apemphere, nyundo ya a Abdullah ndiye imayamba, ngo ngo ngo. A Abdullah nawo ankadandaula kuti fumbi la makala limawadetsera mkanjo wa Lachisanu. Ine pakati ndinkangomva zonse.

Chaka chatha Thokozire, atakula n'kukwatiwa, anapita kuchipatala kukachira. Matenda anavuta. Amake anachita zimene amachita kumpingo kwawo nkhani ikakula: anasiya kudya, n'kulonjeza kuti salawa kanthu mpaka Atate ayankhe. Ndinkawapititsira phala, iwo n'kumagawira anzawo odikirira odwala. Ndinalankhula mpaka kukhosi kuuma, koma ayi ndithu.

Mwana anabadwa, wamwamuna, koma Thokozire anataya magazi ambiri. Anamwino anati magazi a gulu lake atha, sukulu zinali zotseka ndiye opereka anachepa, abale abwere msanga adzayezedwe. Mwamuna wake ndi woyendetsa thiraki, anali ku Beira. Ndinalowa kukamuona Thokozire. Zikhatho zake zinali mbee ngati ufa woyera, maso osatsegula, khanda likulira pambali iye osalimva.

Amake anathamangira kochotsa magazi akumwetulira, poti gulu lawo ndi limodzi ndi la mwana wawo. Namwino anawabaya chala, kuwasuzumira m'maso, n'kufunsa kuti adya liti. Iwo anayankha monyadira kuti akusala. Namwinoyo anaika pansi zida zake.

"Mayi, tikakuchotsani magazi inuyo, tigoneka anthu awiri."

Anachonderera kuti adya pompo, koma anauzidwa kuti magazi awo atsika kale, sangakwere ndi mbale imodzi. Ine anandikana chifukwa cha matenda anga a shuga. Kunena zoona ndinapsa mtima. Ndinawakalipira pakhonde pomwepo kuti taonani kumene kwatifikitsa kusala kwanuku. Iwo anagwada pasimenti, ndipo ndinawamva akunong'ona.

"Atate, ndimasala kuti mundipatse, ndiye ndadzitsekera ndekha khomo. Ndalakwitsa ndine. Koma ndinu bambo anga, ndilibe kwina kopempha."

Ndinakwera minibasi kubwerera ku Kawale kukasaka anthu, mtima uli m'mwamba, foni ikangolira ndinkaganiza kuti basi zatha. Akumpingo ena anali kuntchito, ena anati abwera mawa, ena n'kumazemba poopa jakisoni. Mawa lake liti? Ndinaima pamsika ndikubwebweta ndekha, misozi ili chuchuchu. Kenako ndinazindikira kuti nyundo ija yasiya kulira. A Abdullah anali atatseka kale kashedi kawo, akusasa fumbi pachipewa. Anangoti tiyeni, mwina anga angagwirizane.

Anagwirizanadi. Koma namwino uja atafunsa funso lake lija, a Abdullah anayang'ana pansi. Unali mwezi wa Ramadani, sanadye kanthu chichereni kucha, ndipo dzuwa linali likadali pamutu. Namwino anati sachotsa magazi munthu wanjala, komanso Thokozire sangadikire mpaka dzuwa kulowa. Abale inu, ndinangokhala pansi. Anthu awiri oti apulumutse mwana, onse m'mimba muli pululu chifukwa cha Mulungu.

A Abdullah anayendetsa milomo pang'ono ngati akupemphera. Kenako anandituma kuti ndikawagulire banzi ndi thobwa pageti. Ndinawafunsa ngati akudziwa chimene akuchita, poti mkulu ameneyu chibadwire sanadyepo masana m'mwezi umenewu.

"Tsikuli ndidzabweza," anatero. "Mwanayo sitingamubweze."

Nditabwera nazo, anatembenukira kukhoma, anamwa thobwa lonse, n'kudya theka la banzilo. Theka linalo analikulunga m'pepala n'kuliika pabenchi, kenako anapinda mkono wa malaya n'kulowa.

Tinadikira. Amake Thokozire sanadzuke pasimenti paja, ine ndikungoyendayenda, namwino aliyense wodutsa ndikumuwerenga nkhope. Chakumadzulo mmodzi anatulukira n'kunena kuti Thokozire watsegula maso, akufunsa kuti mwana wake ali kuti.

Amake anayesa kuimirira, miyendo inakana. Anakwawa mpaka pabenchi pamene a Abdullah anakhala atagwira thonje pamkono. Ndinkayembekeza mawu ambiri, poti mayi amene uja sasowa chonena. Koma anangoyang'ana mkuluyo, n'kuyang'ana kapepala ka banzi kaja. A Abdullah anawakankhira.

Amake Thokozire anatenga theka la banzi lija ndi manja awiri, zala zili zakuda ndi makala.

"Atate, ndalandira," anatero, n'kuyamba kudya.